Combo Conyamula Mbendera: Mbiri ya Liu Lakuti Flagship

M'phunziro lino tilondola mapazi a liu limodzi la Cingerezi limene mudzakumana nalo kawirikawiri m'manyuzipepala ndi pa wailesi. Liulo ndi lakuti flagship. Mudzamva kuti sitolo yakutiyakuti ndiyo flagship ya kampani yake, kapena kuti yunivesiti yakutiyakuti ndiyo flagship ya m'dera lake, ndipo anthu ambiri akamva tero amangoti tanthauzo lake ndi cinthu cacikulu kapena cokongola koposa zinzake. Komatu liuli linabadwira pa nyanja, pakati pa utsi wa mizinga, ndipo kumeneko linali kunena za udindo wolemera umene amuna ambiri anataya nao moyo. Tiyeni tiyambire konko.

Liuli ndi mau awiri olumikizana. Flag ndiyo mbendera, ndipo ship ndico combo cacikulu ca pamadzi, cimene ena amati sitima. Tsono flagship ndi combo conyamula mbendera ya mtsogoleri wa gulu lonse la zombo. Ife a m'Zambia tiribe nyanja ya mcere, koma cinthu cofanana naco timacidziwa. Pa mwambo wa Kuomboka, pamene Litunga acoka ku Lealui kupita ku Limulunga madzi atasefukira, pamakhala mabwato ambirimbiri. Komabe palibe amene amafunsa kuti mfumu iri m'bwato liti, pakuti Nalikwanda imadziwika ndi cifanizo ca njovu cimene ciri pamwamba pake, ndipo maso a anthu onse amakhala pa iyo. Nchito imene njovu ija imagwira ndiyo imene mbendera inali kugwira pakati pa zombo za nkhondo za ku Ulaya.

Kodi mbenderayo inali kufunikiranji? Taganizani za zombo 30 za matabwa, zokankhidwa ndi mphepo pa matanga, zitatambalala pa nyanja mtunda wa makilomita angapo. Masiku amenewo kunalibe wailesi kapena lamya. Mau a munthu sakanapambana mkokomo wa mafunde, ndipo mthenga wa pa bwato akanafika nkhondo itatha kale. Njira yotsala inali ya maso. Mtsogoleri akafuna kuti zombo zikhote, zifole pa mzere, kapena ziyambe kuombera, anali kukweza timbendera ta mitundumitundu pa zingwe za combo cake, ndipo kasanjidwe ka timbenderato ndiko kanali kunena lamulolo. Usiku anali kugwiritsa nchito nyali ndi kulira kwa mzinga. Pa combo ciriconse panali munthu wa galasi loonera kutali, wopenyetsetsa combo ca mtsogoleri, ndipo zombo zing'onozing'ono zaliwiro zinali kuima pambali pa mzere ndi kubwereza zizindikirozo kuti a kumapeto naonso aone. Motero combo ca mbendera cinayenera kukhala poonekera kwa onse, ndipo mdani nayenso anali kuciona.

Mtsogoleri wa gulu la zombo Angerezi amamucha admiral, liu locokera ku Ciarabu, kumene amir ndi wolamulira. M'zaka za m'ma 1600, pamene liu lakuti flagship linayamba kulembedwa m'Cingerezi, Angerezi anali kugawa zombo zao m'magulu atatu, lofiira, loyera ndi labuluu, ndipo dongosolo limeneli linakhalapo mpaka caka ca 1864. Malo a mbendera anali kuonetsa ukulu wa mwini wake. Admiral wamkulu anali kukweza yake pa mlongoti wapakati, waciwiri wake pa mlongoti wakutsogolo, ndipo wacitatu pa wakumbuyo. Dziwaninso kuti combo ciriconse cinali ndi kaputeni wake, woyang'anira amalinyero, matanga ndi cakudya. Admiral akakwera m'combo, kaputeni anali kupitiriza nchito yake, pakuti maso a admiral anayenera kukhala pa zombo zonse, osati pa cimodzi cimene wakweraco.

Apa pali mfundo yoyamba imene muyenera kuigwira bwino. Combo sicinali kubadwa ndi dzina lakuti flagship. Cinali kulandira dzinalo mtsogoleri akakwera ndi mbendera yake, ndipo cinali kulitaya iye akatsika. M'caka ca 1492 Christopher Columbus anaoloka nyanja ya Atlantic ndi zombo zitatu, iye ali m'cacikulu cochedwa Santa María. Pa Khirisimasi caka comweco, comboco cinatsakamira pa madzi osaya m'mbali mwa dziko limene lero ndi Haiti, ndipo sicinathenso kuyenda. Columbus anasamukira m'kacombo kochedwa Niña, ndipo kameneko ndiko kanamufikitsa ku Spain m'mwezi wa Malici 1493. Ulendo wobwerera unatsogozedwa ndi kacombo kamene poyamba kanali kungotsatira.

Mafumu, komabe, anali kukonda kuti combo ca mbendera cionetse ulemerero wao, ndipo cikondi cimeneci nthawi zina cinabala tsoka. Mfumu Gustavus Adolphus ya ku Sweden inalamula kuti akhome combo cochedwa Vasa, ca mizinga 64, cokongoletsedwa ndi zosema mazanamazana za mikango, angelo ndi ngwazi, kuti cikatsogolere gulu lina la zombo zake. Cisananyamuke, akulu anaciyesa pouza amuna 30 kuti athamange uku ndi uku pamwamba pake. Atangothamanga katatu, anawaletsa, poopa kuti cigubuduzika pomwepo. Cinali colemera kumwamba ndi copepuka kunsi. Koma mfumu inali kufulumiza, ndipo palibe amene analetsa ulendowo. Pa 10 Ogasiti 1628 Vasa cinacoka pa doko la Stockholm anthu akupenya. Citayenda mamita pafupifupi 1,300, mphepo inaciomba, cinapendekeka, madzi analowera pa mazenera a mizinga, ndipo cinamira pamodzi ndi anthu pafupifupi 30. Anadzacivuula m'caka ca 1961, ndipo lero ciri m'nyumba yoonetseramo zakale mu mzinda womwewo. Akulu athu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Tsopano tiyeni tione combo cimene cinagwiradi nchito ya dzina lake. Victory cinali combo ca Angerezi cimene cinalowa m'madzi ku Chatham m'caka ca 1765. Pocikhoma anadula mitengo pafupifupi 6,000, yambiri ya mtundu wolimba wochedwa oak, ndipo cinanyamula mizinga 104 ndi amuna oposa 800. Pa 21 Okutobala 1805, m'masiku a nkhondo za Napoleon, zombo 27 za Britain zinakumana ndi zombo 33 za France ndi Spain pafupi ndi Cape Trafalgar, kumwera kwa Spain. Mtsogoleri wa Angerezi anali Horatio Nelson, ndipo kaputeni wa Victory anali Thomas Hardy. Pa tsikulo Victory cinali ndi zaka 40, ndipo sicinali combo cacikulu koposa pa nyanjapo. Cacikulu cinali Santísima Trinidad ca ku Spain, ca mizinga yosacepera 130. Koma ngakhale ico sicinali ca mtsogoleri wa mbali yake, pakuti Villeneuve, wolamulira zombo zonse za France ndi Spain, anali m'combo ca mizinga 80 cochedwa Bucentaure.

Nelson anagawa zombo zake m'mizere iwiri kuti idule mzere wa adani pakati. Mzere umodzi unatsogozedwa ndi Victory, ndipo winawo ndi Royal Sovereign, mmene munali waciwiri wake, Cuthbert Collingwood. Mizinga ya masiku amenewo inali m'mbali mwa combo, cotero combo colunjika kwa mdani ndi mphuno sicinali kutha kubwezera bwino. Mphepo tsikulo inali yocepa, ndipo Victory cinayenda pang'onopang'ono, zipolopolo zikuciomba, kwa mphindi pafupifupi 40 cisanayankhe. Nkhondo iri mkati, msilikali wina wa m'combo ca France cochedwa Redoutable anaombera Nelson kucokera pamwamba pa mlongoti, ndipo iye anamwalira patapita maola atatu. M'combo cake munafa amuna 57, ndipo oposa 100 anavulala. Panalibe combo cina ca Angerezi cimene cinataya akufa oculuka cotero. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mverani cimene cinatsatira. Nelson atamwalira, ulamuliro unagwera Collingwood. Koma combo cake, Royal Sovereign, cinali citathyoka milongoti, ndipo panalibe pokwezera zizindikiro zoti ena aone. Collingwood sanakakamire m'combo cake cacikulu ca mizinga 100. Anasamutsa mbendera yake kupita m'combo cacing'ono ca mizinga 36 cochedwa Euryalus, ndipo ali mmenemo anatsogolera zombo zonse pakati pa namondwe amene anabwera nkhondo itatha. Angerezi sanataye combo ngakhale cimodzi pa nkhondoyo, ndipo mphamvu yao pa nyanja inakhazikika kwa zaka zoposa 100, mphamvu imene pambuyo pake inawathandiza kulamulira maiko ambiri, ndi athu a mu Africa omwe. Victory ciripobe. Kuyambira 1922 ciri pa doko louma ku Portsmouth, ndipo kuyambira 2012 cimanyamula mbendera ya mkulu wa asilikali onse a pamadzi a Britain, ngakhale kuti sicidzayendanso pa nyanja.

Wailesi itafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kufunika koti mtsogoleri aziima poonekera kunacepa pang'onopang'ono. Lero amene alamulira zombo afuna malo a makina olankhulirana, a mapu ndi a omuthandiza. Combo ca ku America cochedwa Blue Ridge, cimene cinayamba nchito m'caka ca 1970, cakhala combo ca mbendera ca gulu la zombo za America zokhala ku Yokosuka, ku Japan, kuyambira 1979. Zida zake ndi zocepa, zongodzitetezera, ndipo zombo zonyamula ndege zimacipambana kutali pa kukula. Cimene cimacipatsa dzina ndi cakuti mauthenga a gulu lonse amadzera m'menemo.

Pamene zimenezi zinali kucitika, liu lathu linali litayamba kutsikira pa mtunda. Makampani a zombo zonyamula anthu ndiwo analitenga mosavuta: kampani ya Cunard inali kunyadira Queen Mary, cimene cinayamba maulendo m'caka ca 1936, monga combo cake ca mbendera. Kucokera apo amalonda anayamba kucha sitolo yao yaikulu ndi katundu wao wapamwamba ndi dzina lomwelo. Oteteza zacilengedwe naonso amacha flagship nyama imene anthu amaikonda, monga panda ya ku China, imene bungwe la WWF linaiika pa cizindikiro cake m'caka ca 1961. Poteteza nkhalango ya nyama yochukayo, tizilombo ndi zomera zosachuka zimapulumukira pomwepo. Koma kumene liuli lautsa mikangano yaikulu ndi ku masukulu apamwamba a ku United States of America.

Dziko limenelo liri ndi zigawo 50, zimene eni ake amazicha state, ndipo cigawo ciriconse ciri ndi boma lake loyang'anira maphunziro. Zigawo zinayamba kale kumanga mayunivesiti a boma. Ya ku North Carolina, pa mudzi wa Chapel Hill, inalandira ophunzira m'caka ca 1795. Ya ku Virginia inakhazikitsidwa ndi Thomas Jefferson mu 1819. Ya ku Wisconsin inayamba mu 1848, ndipo ya ku California mu 1868. M'caka ca 1862 Pulezidenti Abraham Lincoln anasaina lamulo lochedwa Morrill Act, limene linapatsa cigawo ciriconse maekala 30,000 a nthaka pa phungu aliyense amene cinali naye ku nyumba ya malamulo, kuti cigulitse ndi kumanga sukulu yophunzitsa ulimi ndi zamakina. Tisabise kuti yambiri ya nthaka imeneyo inali italandidwa kwa mitundu ya anthu amene anali eni dziko Azungu asanafike.

Kwa zaka zambiri cigawo cinali kukhala ndi yunivesiti ya boma imodzi kapena ziwiri, ndipo dzina lakuti flagship silinali kufunika, pakuti combo cimodzi si gulu. Zinthu zinasintha itatha Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse. Lamulo la mu 1944, lodziwika kuti G.I. Bill, linalipirira maphunziro asilikali obwerera ku nkhondo, ndipo oposa 2 miliyoni analowa m'makoleji ndi m'mayunivesiti. Pambuyo pao panabwera ana ao oculuka. Zigawo zinatsegula nthambi zatsopano, zinakweza makoleji a aphunzitsi kuti akhale mayunivesiti, ndipo zinawamanga pamodzi pansi pa bungwe limodzi. Yunivesiti ya California, imene nthambi yake yakale koposa iri ku Berkeley, lero iri ndi nthambi 10. Ku North Carolina masukulu 16 anaikidwa pansi pa bungwe limodzi m'caka ca 1972, ndipo ku Wisconsin lamulo lowaphatikiza linaperekedwa mu 1971. Apa gulu la zombo linali litapezeka, ndipo anthu anafuna dzina la sukulu yakale ija imene inali ndi mabuku oculuka, akatswiri ofufuza, ndi maphunziro a udokotala ndi a zamalamulo. Anabwereka liu la amalinyero.

Dzinali limabwera ndi ndalama, ophunzira ocenjera ndi ulemu, ndiye cifukwa cake limalimbiranidwa. Ku Maryland lamulo la mu 1988 linanena poyera kuti nthambi ya ku College Park ndiyo flagship. Ku Texas mayunivesiti awiri, ya ku Austin ndi ya Texas A&M, onse amadzicha motero, popeza iriyonse iri ndi gulu lake la masukulu. Ku New York, kumene kuli nthambi 64 pansi pa bungwe limodzi, bwanamkubwa Kathy Hochul anapereka dzinali kwa ziwiri, Buffalo ndi Stony Brook, m'caka ca 2022. Ku Idaho kunacitika zosiyana. M'caka ca 2012 bungwe la maphunziro la cigawoco linafafaniza liuli m'cikalata conena za colinga ca Yunivesiti ya Idaho, poona kuti linali kucepsa masukulu anzake, ndipo ophunzira ndi amene anaphunzira kumeneko kale anadandaula kwambiri. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Cigawo sicingakhale ndi ndalama zomangira sukulu ya madokotala m'mudzi uliwonse, cotero payenera kukhala pamodzi pamene zinthu zodula zasonkhanitsidwa. Komanso ana ambiri, makamaka a osauka, amaphunzira ku nthambi zing'onozing'ono, ndipo ndalama zikangothiridwa pamodzi iwo ndiwo amamanidwa.

Nanga tingadziwe bwanji sukulu yoyenera dzinali? Mbiri iri ndi zitsanzo ziwiri zotithandiza. Ku Wisconsin, alimi anali kugulitsa mkaka pa sikelo, ndipo osakhulupirika anali kuthiramo madzi kapena kuyengula mafuta, motero wokhulupirika ndi wonyenga anali kulandira mtengo umodzi. M'caka ca 1890 mphunzitsi wa pa yunivesiti, Stephen Babcock, anapeza njira yapafupi yoyezera mafuta a mu mkaka m'mphindi zocepa. Akanalemera nayo, koma anakana kuilembetsa kuti ikhale yake, naipereka kwaulere kwa alimi onse. Charles Van Hise, amene anatsogolera yunivesitiyo kuyambira 1903 mpaka 1918, anaphunzitsa kuti ubwino wa sukuluyo uyenera kufika m'banja liri lonse la m'cigawoco, ndipo aphunzitsi ake anali kupita kwa alimi ndi kutumiza maphunziro pa positi. Imeneyo inali kukweza zizindikiro zoti a kumapeto kwa mzere aone.

Citsanzo caciwiri ndi comvetsa cisoni. Yunivesiti ya Mississippi, imene inatsegulidwa mu 1848, inali sukulu yoyamba ya boma m'cigawo cimene anthu akuda anali oculuka kwambiri, ndipo misonkho yao inali kuthandiza kuiyendetsa. Komabe kwa zaka zoposa 100 inali kukana ophunzira akuda. M'caka ca 1962 James Meredith, amene anatumikirapo m'gulu la asilikali a m'mlengalenga, anapambana mlandu woti aloledwe. Usiku woti alembetsa mawa lake kunabuka cipolowe cimene cinapha anthu awiri, ndipo Pulezidenti John F. Kennedy anatumiza asilikali zikwizikwi. Meredith analembetsa pa 1 Okutobala 1962, natsiriza maphunziro ake mu 1963. Sukulu imeneyo inali yakale ndi yochuka, koma inali itasiya m'mbuyo gawo lalikulu la anthu amene inayenera kuwatsogolera.

Kwathu kuno nkhaniyi siiri yacilendo. Pamene Zambia inalandira ufulu m'caka ca 1964, nzika zokhala ndi madigiri zinali pafupifupi 100 cabe. Gulu lotsogozedwa ndi Sir John Lockwood linali litalangiza mu 1963 kuti pakhale yunivesiti yoyankha zosowa zenizeni za dziko, ndipo anthu wamba anasonkha zimene anali nazo kuti imangidwe. Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu Malici 1966 ndi ophunzira oposa 300. Kwa zaka 21 inali yokha. M'caka ca 1987 nthambi yake ya ku Kitwe inakhala Yunivesiti ya Copperbelt, mu 2008 panabwera ya Mulungushi pafupi ndi Kabwe, ndipo zinanso zatsatira. Tsopano gulu liripo, ndipo funso la amalinyero latifikira: kodi yotsogola ikuthandiza bwanji zinzake, ndipo kodi zimene ikuphunzira zikufika kwa mlimi ndi kwa mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi?

Ana inu, mukadzamva liuli, funsani mafunso atatu amene mbiriyi yatiphunzitsa. Kodi gulu lake liri kuti? Kodi a kumbuyo akuona zizindikiro zake? Kodi mavuto akafika, cimakhala patsogolo? Mafunso omwewa ayeneranso mwana woyamba m'banja, woyang'anira kalasi, ndi kaputeni wa timu ya mpira.

Aphunzitsi, mungatsirize phunziroli pa bwalo la sukulu. Ana apange timbendera titatu ta mapepala, ndipo agwirizane kuti kena kakutanthauza kuima, kena kukhotera kumanja, ndi kena kufola pa mzere. Agaweni m'magulu a asanu, gulu liri lonse likhale combo, ndipo gulu limodzi lipatsidwe nsaru pa ndodo kuti ikhale mbendera ya mtsogoleri. Pasakhale wolankhula. Masewerawo ali pakati, tengani ndodoyo ndi kuipereka kwa gulu la ana ang'ono koposa, ndipo onani ngati enawo atembenuza maso ao msanga. Pobwerera m'kalasi, afunseni kuti anene cimene cinasintha ndi cimene sicinasinthe pamene mbendera inasamuka, ndipo alembe yankho lao m'makope. Tsalani bwino mpaka phunziro lotsatira.